Akatumba alipo, nanga pepala? Setifiketi ya kochi wa jimu ku Nkopola

Ku Nkopola nkhani ya mphamvu siisowa umboni. Asodzi amakoka makoka kuyambira ali achichepere, akabaza amapalasa njinga atakweza munthu ndi thumba la chimanga pa msewu wochoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, ndipo monga zilili m'madera ambiri m'dziko muno, kuseri kwa nyumba zina kuli jimu ya zitsulo zokonza okha: simenti youmbira m'zitini za penti, paipi pakati, benchi ya matabwa. M'majimu otere mumatuluka anyamata a matupi ochititsa kaso. Ena amakathera pa ubaunsa m'malo azisangalalo. Koma ena, anthu akaona mmene thupi lawo lakhalira, amayamba kuwapempha kuti awaphunzitse, ndipo posakhalitsa dzina limasintha n'kukhala "kochi".

Msika wake ulipo ndithu. Sunbird Nkopola, Makokola Retreat ndi Sun 'n' Sand amalandira alendo chaka chonse, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe amene amabwerera misonkhano. Matimu a mpira amakonda kudzamanga kampu kunyanja ligi isanayambe. Pa boma pali amayi ndi abambo apantchito amene adokotala anawauza kuti achepetse thupi. Ndiye kochi uja akatsegula foni n'kuona anzake akunja akulemba zilembo zinayi, CSCS, kumapeto kwa maina awo, amadzifunsa ngati pepalalo lingamusinthire moyo, ndiponso ngati munthu wa ku Mangochi angalipeze n'komwe.

Pali ntchito ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza. Mphunzitsi wa munthu payekha amathandiza munthu wamba: mayi wofuna kutsitsa sikelo, bambo wa zaka 50 amene amapuma mwawefuwefu akangokwera masitepe, mnyamata wofuna chifuwa chotakata. Ntchito inayo, ya strength and conditioning, ndi yokonza thupi la wosewera kuti lichite bwino pa masewero ake komanso kuti lisamavulale. Woigwira amayeza liwiro, mphamvu ndi mpweya wa osewera. Amagawa chaka m'zigawo, miyezi yomanga mphamvu, masabata onola liwiro, masiku ochepetsa katundu mpikisano ukayandikira, ndipo amadziwa kuti wotchinga kumbuyo pa mpira wa miyendo sangapatsidwe pulogalamu imodzi ndi womwetsa zigoli wa ntchemberembaye. Thupi looneka bwino pagalasi iye alibe nalo ntchito kwenikweni. Wosewera akathamanga mphindi 90 osafooka, ligi n'kutha asanakhalepo pa benchi chifukwa cha mnofu wa m'ntchafu, ndiye kuti ntchito yagwirika.

Ntchitoyi si yakale. Mu 1969 sukulu ya ukachenjede ya Nebraska ku America inalemba ntchito mnyamata wina wa masewero olumpha ndi ndodo, Boyd Epley, kuti aziphunzitsa timu yake ya mpira wa Chimereka kunyamula zitsulo. Mphunzitsi wamkulu wa timuyo, Bob Devaney, anavomera mokayika, chifukwa makochi ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti zitsulo zimaumitsa thupi ndi kuchedwetsa wosewera. Timuyo inatenga ukatswiri wa dziko mu 1970 ndi mu 1971, ndipo maganizo anayamba kusintha. Mu 1978 Epley ndi anzake anakhazikitsa bungwe limene lero limatchedwa National Strength and Conditioning Association, mwachidule NSCA, ndipo mu 1985 bungwelo linayamba kulembetsa mayeso a Certified Strength and Conditioning Specialist, yomwe ndi CSCS ija. Mantha a Devaney adakalipo m'mabwalo ena kuno kumudzi, kumene wosewera akaoneka pa jimu amadzudzulidwa kuti alemera, ndipo kulimbitsa thupi kumangotanthauza kuzungulira bwalo kakhumi.

Khomo la CSCS ndi lopapatiza. Munthu ayenera kukhala ndi digiri yoyamba, kapena akhale m'chaka chomaliza ku koleji, komanso akhale ndi setifiketi ya CPR ndi AED, yosonyeza kuti amadziwa kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima. Mayeso amalembera pa kompyuta m'malo ovomerezeka a Pearson VUE, ndipo ali ndi zigawo ziwiri, mafunso 220 onse pamodzi, m'maola anayi. Chigawo choyamba ndi cha sayansi: mafupa ndi minofu, mmene thupi limapangira mphamvu, zakudya, maganizo a wosewera. Chachiwiri, chomwe ndi chachitali, chimafunsa za ntchito yeniyeni, monga kanyamulidwe koyenera, kuyeza osewera, kukonza pulogalamu ndi kuyendetsa jimu. Buku lake lalikulu, Essentials of Strength Training and Conditioning, lili ndi masamba oposa 700, ndipo Chingerezi chake ndi cha m'kalasi ya sayansi. Munthu akakhoza sapuma: zaka zitatu zilizonse ayenera kusonyeza kuti wapitiriza kuphunzira, apo ayi pepala limatha mphamvu. Pakalipano digiri ya phunziro lililonse imaloledwa, koma bungweli linalengeza kale kuti kuyambira mu 2030 olemba mayesowa ku America adzafunika digiri ya maphunziro omwewa yochokera ku sukulu yovomerezedwa.

Kenako ndalama. Mayeso okha ndi madola oposa 300, osawerengera buku, ulendo ndi malo ogona. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira chinthu kunja kudzera ku banki akudziwa mmene madola amavutira kupeza. Kwa kochi wodalira za pamanja zimene makasitomala amamupatsa, imeneyi ndi ndalama ya miyezi ingapo.

Mayesowa alinso ndi pofookera pake: palibe amene amaonerera munthu akuphunzitsa. Mafunso a kanyamulidwe amayankhidwa poona timakanema ndi zithunzi pa kompyuta, mwakuti munthu akhoza kukhoza bwinobwino asanaimikepo mwana wa sukulu n'kumuphunzitsa kunjuta ndi chitsulo pamapewa. Angerezi anauona mpata umenewu. Bungwe lawo la UKSCA, lokhazikitsidwa mu 2004, limafuna kuti wolemba mayeso aimirire pamaso pa oyesa, asonyeze yekha kanyamulidwe, aphunzitse za liwiro ndi kulumpha, kenako afotokoze ndi kuikira kumbuyo pulogalamu imene anakonzera wosewera weniweni. Njira imeneyi ndi yabwino koposa, kungoti imafuna tikiti ya ndege. Apa kochi wa ku Nkopola asadziderere. Maso ake anazolowera kale kuona msana ukupindika pamene suyenera kupindika. Chimene chikumusowa ndi kudziwa chifukwa chake zili choncho, ndiponso chochita ndi munthu amene thupi lake silifanana ndi la iye mwini.

Kwa amene alibe digiri, omwe ndiwo ambiri, makomo ena alipo. NSCA yomweyo ili ndi setifiketi ya mphunzitsi wa munthu payekha, NSCA-CPT, imene imangofuna zaka 18, maphunziro a sekondale ndi CPR. Mabungwe a ACE, NASM ndi ACSM ali ndi zawo zofanana nayo. Koma kwa mnyamata wa ku Mangochi, boma limene midzi yake yambiri ili ndi ana awo ku Joni, khomo lapafupi ndi South Africa. Kumeneko sukulu monga HFPA ndi eta College zimaphunzitsa za jimu ndi za masewero kuyambira pa setifiketi mpaka dipuloma, maphunziro ena pa intaneti, ndipo omaliza amalembetsa m'kaundula wa REPSSA, amene majimu akuluakulu amamulemekeza polemba anthu ntchito. Amene akulingalira zokagwira ntchito m'majimu a ku Johannesburg kapena Cape Town, pepala la komweko lingamuthandize msanga kuposa lochokera ku Colorado Springs, ku likulu la NSCA.

Palinso msika wa mapepala achabechabe. Pa intaneti pali amene amagulitsa "setifiketi yovomerezeka padziko lonse" munthu akangoonera timakanema Loweruka limodzi. Kuwazindikira n'kosavuta. Pepala lenileni limakhala ndi mayeso oyang'aniridwa amene munthu angathe kulephera, limafuna CPR, limatha mphamvu likapanda kukonzedwanso, ndipo bungwe lolipereka nalonso limaunikidwa ndi lina, monga NCCA ku America. Lopanda zonsezi ndi chokongoletsera khoma basi.

M'dziko muno zinthu zayamba kuyenda, ngakhale pang'onopang'ono. Malawi University of Science and Technology (MUST) ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, imaphunzitsa digiri ya sayansi ya zamasewero, ndipo womaliza digiriyo amakhala atayandikira kale khomo la CSCS. Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), imene ili ndi nthambi pa boma la Mangochi, imasula akatswiri a mafizo. Domasi College of Education ku Zomba yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a masewero olimbitsa thupi a m'sukulu za sekondale. Bungwe la mpira wa miyendo la FAM limachititsa makosi a malaisensi a CAF, ndipo Malawi Olympic Committee imabweretsa akatswiri kudzera mu Olympic Solidarity. Koma pakati pa digiri ya zaka zinayi ndi kosi ya sabata imodzi pali mpata waukulu, ndipo makochi ambiri a m'majimu ali mu mpatamo. Dokotala ndi wa mafizo sagwira wodwala asanalembetse ku Medical Council of Malawi. Namwino ali ndi khonsolo yake. Koma amene amasenzetsa mnzake makilogalamu 100 pamsana, kawirikawiri palibe amamufunsa kuti anaphunzira kuti.

Wina angafunse kuti maphunzirowa amasintha chiyani pabwalo. Yankho lili m'mawondo a atsikana a ntchemberembaye. Masewerowa ndi a kulumpha, kutera ndi kuima mwadzidzidzi, ndipo mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL umaduka kawirikawiri mwa akazi kuposa mwa amuna. Mu 2018, chaka chimene Malawi Queens inagonjetsa New Zealand 57–53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, Mwai Kumwenda anaduka mtsempha umenewu akusewerera Melbourne Vixens. World Cup ya mu 2019 ku Liverpool inamudutsa. Koma iye anali m'manja mwa madokotala, a mafizo ndi ophunzitsa mphamvu, ndipo mu 2020 Vixens itatenga chikho cha Super Netball, iyeyo ndiye anasankhidwa kuti wasewera bwino koposa m'masewero a ndime yotsiriza. Mtsikana wa timu ya sekondale ku Mangochi akaduka mtsempha womwewo, nthawi zambiri ntchemberembaye yake imathera pomwepo.

N'chifukwa chake kupewa kuvulala ndiyo mbali ya maphunzirowa imene Malawi akuifunitsitsa, ndipo mwamwayi ndi mbali yosadya ndalama. Pulogalamu ya FIFA 11+, ya mphindi 20 zotenthetsa thupi, siifuna jimu kapena chitsulo. Kafukufuku wa ku Norway wa mu 2008, pa atsikana pafupifupi 1,900 osewera mpira wa miyendo, anapeza kuti matimu amene ankaitsatira anachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo wina wa ku Lagos ku Nigeria mu 2014 anapeza kuti imathandizanso anyamata. Nawo masewero a Nordic, pomwe wosewera amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono, amachepetsa ndi pafupifupi theka kung'ambika kwa mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Chimene chimasowa ndi munthu wodziwa kuti zimenezi zilipo, amene angazichititse moyenera kawiri kapena katatu pa sabata, ligi yonse, osati masiku a kampu okha.

Komabe buku la ku America silinalembedwe poganizira Nkopola, ndipo kochi wa kunyanja ayenera kuliwerenga maso ali pa malo amene akukhala. Mchenga ndi chitsanzo choyamba. Asayansi a ku Belgium anayeza mu 1998 n'kupeza kuti kuthamanga pa mchenga kumadya mphamvu zochuluka ka 1.6 poyerekeza ndi pa malo olimba. Izi ndi zabwino pomanga mpweya ligi isanayambe, ndipo mchenga umafewetsa kateredwe, mwakuti mawondo sagundika kwambiri. Koma phazi limachedwa kunyamuka pamchenga, choncho wofuna liwiro lenileni ayenera kubwereranso pa kapinga. Timu imene yangotsika basi n'kuthamangitsidwa pagombe m'mawa ndi madzulo kuyambira tsiku loyamba imabwerera kwawo ndi miyendo yowawa m'malo mwa miyendo yolimba.

Kutentha nako si kwamasewera. Nyanja ya Malawi ili pa mtunda wosakwana mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ndi Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo mu Okutobala ndi Novembala ku Mangochi kumatentha kupitirira madigiri 35. Thupi limatenga masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha kotere. Kochi wophunzira amadziwa kuti masiku oyamba katundu ayenera kuchepa, ndiponso kuti kukweza osewera pa sikelo asanayambe ndi atamaliza kumasonyeza madzi amene ataya. Amadziwanso chinthu chimene chingapulumutse moyo: wosewera amene wayamba kudzandira kapena kusokonezeka mutu padzuwa si waulesi, ayenera kuziziritsidwa ndi madzi nthawi yomweyo n'kuthamangira naye kuchipatala.

Mangochi ndi boma la Asilamu ambiri, ndipo mwezi wa Ramadan umasintha ndondomeko yonse. Zolemetsa zimasunthidwira madzulo anthu atamasula, ndipo madzi a tsiku lonse amamwedwa usiku. Malungo nawo amabweza wosewera m'mbuyo, moti amene wangomaliza kumwa LA sangabwerere pa katundu wa sabata yatha ngati palibe chimene chachitika. Mnyamata wa m'mbali mwa nyanja amene amatopa msanga popanda chifukwa chooneka ayenera kukayezetsa likodzo ndi kuchuluka kwa magazi asanamuonjezere maulendo ozungulira bwalo.

Pa zakudya, mabuku amanena za magalamu a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pafupifupi 1.4 mpaka 2 patsiku kwa wonyamula zitsulo, koma zitsanzo zake ndi za m'masitolo akunja. Kusandutsa manambalawa kukhala mbale ya nsima, usipa, nyemba, mtedza ndi mazira ndi ntchito ya kochi. Usipa wouma uli ndi mapuloteni ochuluka zedi, ndipo ku Nkopola umachoka m'bwato kupita pa thandala munthu akuona ndi maso. Komabe anyamata ambiri amasunga ndalama kuti agule zitini za ufa wochokera kunja, ena mpaka kufika pobaya majekeseni a masiteroidi. Kafukufuku wothandizidwa ndi International Olympic Committee, wofalitsidwa mu 2004, anayeza mankhwala oonjezera mphamvu 634 ogulidwa m'maiko 13, ndipo pafupifupi 15 mwa 100 alionse anapezeka ndi masiteroidi amene sanalembedwe pa chitini. Malamulo a WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero, sayang'ana ngati wosewera anadziwa kapena ayi. Chikapezeka m'mkodzo, mlandu ndi wake. Kochi wogulitsa zitini zotere kwa ana a timu yake akuika tsogolo lawo pachiswe.

Koma kasitomala wa tsiku ndi tsiku ku Nkopola si wosewera. Ndi bwana wa ku msonkhano amene wakhala pampando sabata yonse, kapena mayi wa bizinesi amene wabwera ndi kalata ya kuchipatala. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 za masewero olimbitsa thupi pa sabata, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo, choncho anthu oterewa akuifunikadi jimu. Vuto ndi lakuti munthu wa BP yokwera akagwira mpweya uku akukankha chitsulo cholemera, magazi amakwera moopsa. Kufunsa za umoyo wa munthu asanayambe, kumuyeza BP, kudziwa nthawi yomubweza kuti akaonane kaye ndi adokotala, kudziwa chochita akagwa pansi: maphunziro abwino a mphunzitsi wa munthu payekha amayambira pamenepa. Kuchoka ku Nkopola kukafika ku chipatala chachikulu cha pa boma ndi makilomita oposa 20, pomwe ubongo wa munthu amene mtima wake waima umayamba kuonongeka pakangopita mphindi zochepa. Maphunziro a chithandizo choyamba, amene Malawi Red Cross Society ndi St John amapereka, ndiwo pepala loyenera kuyambira, ndipo ndi lotsika mtengo kuposa ena onse.

Nanga CSCS ndi yoyenera yani? Kwa womaliza digiri ya zamasewero kapena ya mafizo amene akufuna kugwira ntchito ndi Flames, Queens, Scorchers, timu ya mu Super League kapena kalabu yakunja, ndalamayo si yotaya, chifukwa zilembozo zimadziwika m'maiko ambiri. Dziko limene linatulutsa Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, amene anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa wosewera wopambana onse, silingapitirize kudikira kuti matupi a ana ake azikakonzedwa akafika kunja. Koma kwa kochi wa jimu ya simenti amene ali ndi MSCE, kuthamangira CSCS n'kutaya nthawi pa khomo limene silingatseguke panopa. Iye ayambe ndi chithandizo choyamba, atsatize setifiketi yeniyeni ya mphunzitsi wa munthu payekha, kenako adzipereke chaka chimodzi kapena ziwiri ku timu ya sukulu kapena ya m'mudzi, ali ndi kope lolembamo zimene anachititsa, amene anavulala ndi zimene zinasintha. Adziwenso kuti pepala palokha silikweza malipiro pa msika umene sunayambe kulifunsa.

Mbali yotsalayo si ya makochi ayi. Malawi National Council of Sports, imene yakhalapo kuyambira mu 1974, ikhoza kukhala pansi ndi MUST, KUHeS ndi TEVETA n'kukonza maphunziro a miyezi ingapo, olipira m'makwacha, ophunzitsidwanso m'Chichewa ndi m'Chiyao, okhala ndi mayeso a pabwalo pomwe woyesa akuona ndi maso, komanso kaundula amene aliyense angafufuzemo dzina la kochi wake. Eni mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi akuluakulu a matimu ayambe kufunsa mapepala polemba makochi ntchito, ndipo amene ali nawo aziwalipira moyenera.